Galu Wabuluu wa pa Mlatho

Sajeni Tamsin Okely anandipeza pakhonde la chipatala m'mawa wotsatira Khirisimasi, ndikuingitsa ntchentche pa kapu ya tiyi wozizira. M'kati, bambo anga anali chigonere, madokotala atawamanga chiuno ndi zitsulo. Sajeniyo, atavala yunifomu yabuluu ya apolisi, anakhala pambali panga n'kundipatsa pepala.

"Mayi Pascoe, mawu awa ndi anu?"

Anali anga. Dzina langa pamwamba, nthawi yake 11:42 m'mawa: "Galu wabuluu wasokera pa mlatho. Samalani, akuluma."

"Ndi anga. Kodi galuyo anapezeka?"

Anandiyang'anitsitsa, kufuna kuona ngati ndikumuseka.

"Galuyo ndine, mayi."

Ndinachoka ku Tullamong ndili mtsikana, ndinabwererako ndi imvi. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi ndinali ku Glasgow, kukonza zilembo m'mabuku a anthu ena ndi kutopetsa eni dziko ndi nkhani za kwathu. Ndinkawauza kuti kwathu makiyi amagona m'galimoto, kuti munthu akathyoka mwendo nthawi yokolola tirigu anansi amafika ndi makina awo osaitanidwa. Mu Novembala ndinagulitsa nyumba yanga, mabuku n'kuwakweza sitima. Kwathu sindinauze aliyense kuti ndabwereratu. Nkhaniyo ndinkaisungira chakudya cha Khirisimasi.

Ndinapeza mawindo ali ndi zitsulo. Banki inasanduka sitolo ya kaunjika. Magalimoto atatu anabedwa mwezi umodzi, ndipo alimi ankadzuka n'kupeza matanki a dizilo ali gwa. Mlongo wanga wamng'ono, Clinton, amene amayendetsa basi ya ana a sukulu, ndiye anali mkulu wa gulu la pa foni lotchedwa Maso a Tullamong. Anthu mazana awiri, aliyense kunena chimene waona: galimoto yachilendo pa nkhokwe za tirigu, geti losiyidwa pululu. Apolisi ankaliyamikira. Tsiku limene Clinton anandilowetsa m'gululo ndinagwetsa msozi. Ndinati, ayi, zitsulo ndi zitsulo, koma anthu ake ndi omwe aja.

M'mawa wa Khirisimasi dzuwa linali litayamba kale kusungunula phula. Clinton anandituma ayisi ku malo omwetsera mafuta, kutsidya kwa mtsinje. Pobwerera apolisi anandiimitsa pa mlatho, ndinauzira kapaipi kawo koyezera mowa, n'kundilola kupita. Ndinafika kunyumba ndikuseka.

"Iwe, andiuziritsa kapaipi dzuwa lili tswee! Amaganiza kuti anthu amwa kale nthawi ino?"

Clinton anali akucheka nyama ya nkhumba. Mpeni unaima pang'ono, kenaka unapitiriza.

"Kuno timayamba ndi kadzutsa, achemwali a ku Ulaya," anatero. Patapita kanthawi anati, "Narelle, tandilembere pa gulu paja, manja angawa ndi mafuta okhaokha. Galu wa ng'ombe wa anthu ena wasokera pa mlatho. Wabuluu. Uwauze kuti akuluma."

"Inetu sindinaone galu pamenepo."

"Iwe ukanaona chiyani, maso ako anathera m'mabuku. Lemba."

Ndinalemba. Zizindikiro za zala zoyamikira zinayamba kugwa pansi pa uthengawo ngati matalala, ndipo ine ndinanyada kuti tauni yonse ikudandaula za galu mmodzi.

Chimwalirire amayi, bambo amapita kumanda Khirisimasi iliyonse dzuwa likafika pamutu, wapansi, maluwa ali m'chitini. Msewu wa kumanda ndi wafumbi, umadutsa kuseri kwa nkhokwe n'kuwoloka mtsinje pamchenga. Ndiwo msewu wokhawo wofika kutsidya osaponda mlatho. Warwick Dunstan, wometa nkhosa amene anayamba mowa tambala asanatsike, anawerenga uthenga wanga n'kukhotera kumeneko. Anawagunda bambo ndi galimoto pa ngodya ya mpanda wa manda.

"Uthenga wanu utangotuluka," Sajeni Okely anapitiriza, "pa mlatho panati zii. Ola lathunthu ndinaima ndi anzanga awiri, tikuyeza mphepo. Ku msewu wa kumanda kunadutsa magalimoto khumi ndi imodzi. Warwick tamugwira, ameneyo nkhani yake ndi yosavuta. Koma inu mwabwera dzana, mawu amenewa simukanawadziwa. Chaka chatha ndinachenjeza munthu wina kuti ndikadzaonanso galu ameneyu pansi pa dzina lake, ndidzalembera a zamaphunziro za basi yake. Ndikufuna amene anakuuzani cholemba. Ndili ku polisi mpaka folo koloko."

Clinton ndinamupeza koimika magalimoto, atatsamira lole yake, wailesi ikulongolola za masewera a kiriketi.

"Unkadziwa?"

"Kudziwa chiyani?"

"Usandiyese mwana, iwe. Manja ako anali ndi mafuta, eti?"

Anatsitsa wailesi. "Ndimaganiza kuti adadi apita kale m'mawa, kusanatenthe."

"Zaka zisanu ndi zinayi amapita masana. Ine wa kunja ndikudziwa, iwe wogona nawo nyumba imodzi osadziwa?"

"Tamvera, Narelle. Munthu kuno akalandidwa laisensi, watha. Kulibe sitima ya pansi pa nthaka ngati kwanu kuja. Ntchito ili makilomita makumi asanu ndi limodzi. Akuba akatibera dizilo apolisiwo amabwera mawa lake ndi kabuku, koma kuti agwire mlimi wamwa mabotolo awiri, amabwera atatu ndi matenti omwe. Timangotetezana basi."

"Ndiye bwanji sunatetezane ndi dzina lako?"

Anatola kamwala m'tayala n'kukaponya.

"Iweyo sangakuchite kanthu," anatero pomaliza. "Ungonena kuti unamva anthu akukamba pogula ayisi. Ndiwe mlendo. Mlendo amalakwitsa."

Ndinamusiya pomwepo n'kulowa m'chipinda cha odwala. Ndinkadziwa kumene ndikupita: kwa bambo anga, Mervyn Pascoe, munthu amene anandibweza mtunda wautali wapansi kukapepesa chifukwa cha pichesi limodzi la m'munda wa eni. Ndinati bambo akamva, denga lichoka.

Anali maso, nkhope itatupa mbali imodzi. Ndinawafotokozera zonse, pang'onopang'ono. Anamvetsera akuyang'ana kudenga, kenaka anaseka, kuseka kwake n'kuwapweteka.

"Galu wabuluu," anatero. "Ameneyo ndinamubereka ndine, mwanawe. Ine ndi malemu Des Hanrahan, pa mawailesi a m'malole, iwe usanayambe sukulu."

"Adadi, mukadafa."

"Sindinafe. Warwick ndi chitsiru, bambo ake analinso chitsiru, koma anatikokera thirakitala m'matope chaka cha chigumula." Anafufuza dzanja langa pa bulangeti. "Clinton ali ndi ana atatu ndi basi imodzi. Akamulanda, adya chiyani? Iwe senza kamtolo aka. Anthu akuseka sabata imodzi, ati mzungu wa ku Glasgow sadziwa galu. Ikamafika Januwale udzakhala utakwera ndege yako, zonse zaiwalika."

"Nanga ndikapanda kukwera?"

"Aa, ukhalira chiyani kuno? Iwe unapita kalekale, Narelle. Timakunyadira, komatu unapita. Ife ndi amene tiyenera kuonana pa sitolo mawa."

Ananena mokoma mtima, ndipo chimenecho ndicho chinandipyoza. Akanandikalipira ndikanadziwa poima. Ndinaganiza za mabokosi makumi anayi a mabuku ali pakati pa nyanja, akubwera ku nyumba imene eni ake anali atandiwerengera kale masiku. Zaka zonsezi ndinkalalikira za anthu osasiyana pa mavuto, ndipo sindinaname. Amatetezanadi. Chimene sindinafunse n'chakuti akamamanga linga lawolo, ine amandiika mbali iti.

"Mukufuna madzi?" ndinafunsa.

"Undiyatsire wailesi, ndimve ngati anyamata athu a kiriketi akadali ndi moyo."

Ndinawayatsira. Ndinawakonzera pilo, n'kutuluka.

Kuchokera kuchipatala kukafika ku polisi ndi mtunda waufupi, koma anthu anayi anandiimitsa. Mayi Noelene a ku positi anandikumbatira, akununkhira vinyo wa dzulo. "Pepa, mwanangu. Usadziimbe mlandu, sunkadziwa. Tonse tanena kuti sunkadziwa." Ndinamvetsa kuti nkhani yanga anali ataigwirizana kale ine kulibe, ndipo chimene chinatsala n'chakuti ndikasaine.

Sajeni Okely anali yekha, chopukusa mphepo chikumwaza mapepala pa tebulo. Anandikokera mpando, n'kutsegula kompyuta.

"Dzina lonse?"

"Narelle Joan Pascoe."

"Mukukhala kuti?"

Nambala ya nyumba imene ndinabadwira inafika pa lilime, n'kubwerera.

"Lembani motelo ya pa msewu waukulu. Ndikatenga chipinda ndikachoka pano."

Anandiyang'ana. Zala zake zinadikira pamwamba pa mabatani.

"Amene anandiuza cholemba ndi mlongo wanga, Clinton Pascoe," ndinatero. "Anali akucheka nyama. Ndiyambire pamenepo?"