Mendulo ya Helbe

"Koma munthu n'kumanga matabwa kumapazi, ati akuthamanga?" anafunsa Mwango, nesi wa ku Zambia, ataima pakhomo ndi thireyi ya mankhwala. Ine maso anali pa TV, a Endel makutu ali kwa ine.

A Endel anali nkhalamba ya ku Estonia, m'chipinda 14 panyumba yosamalira okalamba ku Santry, kuno kutsidya kwa nyanja, komwe digiri yanga ya zachuma inandipezera ntchito yosintha zofunda. Shuga anali atawalanda maso. Mdzukulu wawo Helbe ankapikisana pa ski, masewera otsetsereka pachipale chofewa, ndipo nyengo yozizira yonse ndinkawawerengera nkhani zake pafoni, iwo n'kumayeza mwayi wa mendulo. Uwu unali mpikisano wanga woyamba kuuonera. Chipale chofewa ndinali nditachiona kawiri, chikusungunuka poimika magalimoto.

Helbe anadutsa mzere womalizira yekhayekha n'kugwa chafufumimba. Pambali pa dzina lake panaoneka 1.

"Wafika woyamba, agogo. Kumbuyo kulibe munthu."

"Waona bwino, mwana wanga?"

"Ndi maso angawa."

Analira mwakachetechete, atandigwira dzanja. Mpweya utayamba kuwavuta ndinazimitsa TV, ndinawagoneka.

Ndili m'basi ndinatsegula foni kuti ndione chithunzi cha menduloyo. Helbe anali pa nambala 27. Pampikisano wotere sanyamukira pamodzi. Amawatulutsa mmodzimmodzi, ndipo woweruza ndi wotchi. Iye anali m'gulu loyamba kunyamuka, akatswiri onse anabwera ine nditazimitsa kale. Kusukulu kwathu ku Mchinji wofika pachingwe poyamba ndiye ankatenga sopo. Sindinaganizepo kuti kuli kwina komwe kufika poyamba sikupambana.

M'mawa mwake a Endel anamaliza phala lonse, koyamba pasabata yathunthu. Anauza wokolopa, anauza dokotala, anapempha kuti awamete ndevu chifukwa Lamlungu Helbe adzawaimbira foni ya video. Dokotala anatiuza pakhonde kuti za Lamlungu sangalonjeze.

Ndinamufotokozera Mwango m'chipinda chochapira. Anaseka pang'ono, kenako anasiya.

"Iwe na masters yako," anatero. "Manje mvera. Kwanu na kwathu n'chimodzimodzi, wodwala sitimuuza zoipa. Ukhale chete. Akafika pa Sunday, mwanayo azakamba yekha."

"Adzadziwa kuti ndinawanamiza."

"Sunaname. Unaona 1."

Lachisanu ndinawameta. Masaya anali atalowa, lumo linkayenda movutikira. Anandipempha kuti ndiwafotokozerenso mmene Helbe anagwera pamzere, ndipo ndinafotokoza, chifukwa kugwako kunali koona. Anati mtsikanayo ali ndi zaka zinayi ankagwa chomwecho kuseri kwa nyumba yawo, n'kukana kudzutsidwa.

Ndinatsuka lumo, ndinapukuta sinki yomwe inali youma kale. Mwango anali pakhonde, akulemba mufayilo.

"Akamaliza tiyi ndiwauza zoona," ndinatero.