Makani Odulira Makiyi

Tsabola anawazindikira makinawo asanawatulutse n'komwe m'thumba. Chinayamba kusuzumira ndi chogwirira, chokulungidwa ndi mphira wa chubu cha njinga, mfundo yake yopotokera kumanzere. Mfundoyo anamanga ndi iye mwini, tsiku limene achimwene ake anadandaula kuti chitsulo chikuwatupitsa chikhatho. Anangoti njo pakati pa shedi, kamera ili lende pakhosi.

Shediyo inali ya bambo wina amene antchito ankamutchula kuti a Nyenyezi, kumbali ndithu, chifukwa m'mawa uliwonse asanapereke moni ankayamba awerenga nyenyezi zimene ogula awapatsa pa tsamba la okushoni ya pa intaneti. Iwo ankagula katundu wa lole yathunthu osasuzumiramo: wotsala m'nyumba za omwalira, woiwalika m'mabasi, wolandidwa m'misewu. Akatero ankamugulitsa mmodzimmodzi kwa amene waponya mtengo woposa anzake nthawi isanathe. Tsabola ndiye ankajambula katunduyo, kumulembera dzina ndi kumuika pa tsamba. Sukulu ya zimenezi sanapondeko. Anaphunzira yekha pa foni yosweka galasi. Dzina lakelo anamupatsa ndi a m'shedi momwemo atamva mmene amayankhira munthu akamuponda chala.

Lole ya tsikulo inachokera kwa alonda a mzinda. Munali masikelo, maambulera, mabenchi opinda, zonse zimene amasesa m'makhonde akamathamangitsa ochita malonda. Achimwene ake a Tsabola, amene msewu wonse unkawadziwa kuti a Makiyi, anayamba kudula makiyi pakhonde la sitolo ya nsapato iye asanagulule mano aubwana. M'mawa wina galimoto ya alonda inangoima, makina n'kuponyedwa kumbuyo ngati zinyalala. Anayenda maofesi mpaka nsapato kulekana ndi zidendene. Uyu akuti mubwere mawa, uyo akuti amene amasunga kiyi wa kosungira katundu wachokapo. Tsiku loyamba a Makiyi anaseka nayo imeneyo, kuti taonani mzinda wonse ukusowa kiyi pamene wodula makiyi waima pakhomo. Kenako kuseka kunatha. Ankangokhala pampando kuseri kwa chitseko, ndevu zili nyankhalala, dzanja lili m'thumba la jekete kusisita makiyi osadula.

Zopita kwa a Nyenyezi kukapempha, Tsabola sanaziganizire n'komwe. Mwezi wathawo kunabwera mayi wina akulirira sikelo yake. A Nyenyezi anamumvetsera bwinobwino, anamupatsa ndi madzi akumwa omwe, ndipo mayiyo atangotuluka anauza Tsabola kuti akweze mtengo woyambira. Anati katundu amene ali ndi womulira sagona pashelefu.

Ndiye iye anatsata njira ina. Makinawo anawajambula chakumbuyo, pakona ya mdima pamene pamadontha mvula, kuti aoneke ngati chitsulo chotoledwa kudzala. Vuto linali Apongozi. Imeneyi inali pulogalamu ya ogulitsa imene a Nyenyezi ankailipira mwezi ndi mwezi: inkawalitsa zithunzi, kusankhira katundu gulu, kukuuza mtengo umene wofanana naye anagulidwa. Antchito anaipatsa dzinalo chifukwa panalibe chimene ungachite osakukonza. Tsabola analemba kuti, Makani odulira makiyi. Apongozi anadula mzere wofiira n'kufunsa ngati akutanthauza makina. Anadina kuti ayi. Anafunsanso, anakananso. Chithunzi anakana kuti achiwalitse, katunduyo anamukankhira m'gulu la zitsulo zakutha, mtengo woyambira n'kuika wokwerera basi.

A Mabokosi, nkhalamba yolongedza katundu, anali ataima kumbuyo kwake ndi tepi kudzanja, akuwerenga milomo ikugwedera.

"Makani? Iwe mwana, wadziika wekha pa okushoni?"

Tsabola anawafotokozera chapansipansi. Wofuna makina amalemba kuti makina, ndipo tsamba limamuonetsa okhawo olembedwa bwino. Awa palibe awapeze. Adzaponya mtengo munthu mmodzi yekha, ndipo makina adzabwerera kwa mwini wake. A Mabokosi anakanda m'mutu n'kufunsa za akabawi, anthu aja amene saoneka sabata yonse koma amangoti mbwe nthawi ikutha, n'kulanda katundu m'manja mwa amene amamudikirira.

"Kabawi satola mwanapiye amene sakumuona, agogo."

"Kaya," anatero a Mabokosi, n'kubwerera ku makatoni awo.

Wa m'shedi sankaloledwa kuponya mtengo. Tsamba linkawadziwa mafoni onse amene anagwiritsapo intaneti ya mmenemo. Choncho madzulo kunyumba Tsabola anawakokera alamu ake, akazi a a Makiyi, kubafa, n'kuwaonetsa chithunzi chamdimacho. Alamu anaona mphira uja n'kugwira pakamwa. Mawa lake anagulitsa mbaula yawo yamagetsi ndi nsapato zaukwati, ndalama zonse n'kuziika pa foni. Tsabola anawalangiza kuti alembe zonse zimene ali nazo ngati malire. Tsamba lidzangotengapo zochepa ngati palibe wolimbana nawo, ndipo wina akabwera lidzawakwezera lokha mpaka pamalirepo. Anagwirizana kuti achimwene asauzidwe kanthu mpaka makina atalowa m'nyumba.

Koma mkazi amene wagona sabata yathunthu pambali pa mwamuna wosalankhula, chinsinsi chimamuwotcha. Kutatsala tsiku limodzi Tsabola anapeza achimwene ake atameta ndevu, epuloni yawo ili pachingwe ikudontha madzi. Anali atapita kale kwa mwini sitolo ya nsapato kukamuuza kuti pakhonde paja asapatse wina. Anamutchula Tsabola kuti bwana wa makompyuta, namufunsa ngati batire ya galimoto yakale ingapezekenso m'shedimo. Tsabola anawayang'ana alamu ndi diso loti tionana. Alamu anayang'ana kudenga.

Okushoni inkatha masana, nthawi ya chakudya. Anzake atatuluka, Tsabola anakhala pakompyuta. Woponya mtengo anali mmodzi, alamu. Oonera katunduyo panalibe. Wotchi ya pa tsamba inasanduka yofiira, ikutsika, ndipo iye anayamba kuganiza za mmene akawanyamulire makinawo pabasi osawagunditsa. Itatsala pang'ono kufika pa ziro, tsamba linaphethira kamodzi. Mtengo unalumpha, kudutsa mbaula, kudutsa nsapato zaukwati, n'kuima pamwamba pa malire a alamu ndi ndalama yogulira machesi. Wopambana analibe dzina, zilembo ziwiri ndi manambala basi.

Foni yake inayamba kulira. Anali alamu. Sanayankhe.

A Nyenyezi anamuitana dzuwa lisanapendeke. Apongozi anali atawatumizira kale uthenga wa katundu amene wapita motchipa kuposa anzake, ndipo pansi pake panali polemba kuti wolemba anakana kukonzedwa. Sanakalipe. Anatembenuza kompyuta kuti aone yekha, akutokosa m'mano ndi kamtengo, namufunsa ngati akuganiza kuti ndiye woyamba kulemba makani padziko lino. Anati kunja kuno kuli anthu amene ali ndi mapulogalamu awoawo ongosaka zilembo zosemphana: makani, mikana, maknia. Usana ndi usiku amanunkhiza zala zotopa za anthu olemba, chifukwa katundu wolembedwa molakwika alibe omulimbirana. Amamudikirira mwakachetechete, n'kumutola nthawi ikutha.

"Iwe unkabisira anthu wamba," anatero. "Akabawi ndiye unawayalira mphasa."

Apo Tsabola anaphulika. Anawauza kuti makinawo ndi a achimwene ake, kuti theka la shedi yonseyo ndi misozi ya anthu, kuti wakuba wa lisiti ndi wakuba ndithu, kungoti amasamba. Mawu anamveka mpaka kunja kumene madalaivala ankadya. A Nyenyezi anadikira kuti mpweya umuthere. Kenako Tsabola, mawu atasasa, anapempha chimodzi: kuti adine poletsa malondawo, anene kuti katundu wawonongeka.

"Nyenyezi yanga ndiitaye chifukwa cha achimwene ako? Ukanabwera kudzandiuza bwenzi titakambirana."

"Ngati mayi wa sikelo uja?"

A Nyenyezi anataya kamtengo kaja m'bini. Anati akalongedze makinawo bwinobwino, wogula asadandaule, akamaliza asiye kamera patebulo ndipo mawa asavutike n'kudzuka.

A Mabokosi anafuna kumulandira ntchitoyo, iye anakana. Anawaika makinawo pabenchi, n'kuwapukuta fumbi ndi malaya ake. Ndi pamene anaona kachidutswa ka chitini cha polishi, kopyapyala ngati chikhadabo, kali kunsi kwa chopanira makiyi. Ankakadziwa. Makinawo anali opendekeka pang'ono chibadwire, ndipo kachitiniko ndiko kankawawongola. Popanda iko kiyi ankatuluka wokongola, wonyezimira, wolowa bwino m'loko, koma wosatembenuka. Tsabola anayang'ana kuchitseko. Anakatokosola ndi pini wa m'tsitsi, n'kukaponya m'thumba.

"Akadule nawo makani," ananong'ona, uku akukulunga tepi mpaka katoni kulira.

Galimoto yotenga katundu inanyamuka iye akuona.

Kunyumba anapeza alamu atakhala pansi pamene pankakhala mbaula, maso ali psuu. Achimwene anali pampando wawo uja, chibwano chosalala chikuwala ngati cha mkwati. Tsabola sanapepese; kupepesa sankakudziwa bwino. Anangotulutsa kachitini kaja n'kuwaika m'dzanja, nati makina apita koma mtima wake ndi uwu, wakubayo wagula chitsulo chakufa.

A Makiyi anakatembenuza kachitiniko, n'kukayang'anitsitsa pawindo. Anafunsa ngati wogulayo ndi wodula makiyi. Tsabola anati ayi, anthu amenewo sagwira ntchito ndi manja, amangogula n'kugulitsanso.

"Ndiye akagulitsa kwa ndani, mlongo wanga?"

A Makiyi anadziyankha okha.

"Wa sitolo yaikulu sagula makina okalamba chonchija. Agula ndi wapakhonde ngati ine. Nayenso mkazi wake agulitsa mbaula. Tsiku loyamba adula makiyi mokondwa, madzulo anthu abwera atatsekeredwa panja ndi ana awo." Anakweza mlomo ndi chala, kuonetsa dzino lobenthuka limene Tsabola ankaliona moyo wake wonse osafunsa. "Ili anandibenthula wina wotsekeredwa panja ndisanatulukire kachitini aka. Kabwezere."

"Galimoto yapita, achimwene."

Iwo anagwedeza mutu, n'kumubwezera kachitiniko m'dzanja, n'kumupinda zala. Kenako anadzuka, anakachotsa epuloni pachingwe, anaipinda bwinobwino n'kuiika pansi pa matiresi.

Sabata isanathe Tsabola anawapeza makinawo pa tsamba, pa foni yake yosweka galasi ija. Mphira anali ataudula, chitsulo atachipukuta, zithunzi zowala ngati za m'sitolo. Makina odulira makiyi, ogwira bwino ntchito. Zilembo zonse zinali m'malo mwake, ndipo oponya mitengo anali ambiri. Pakati pawo panali mmodzi amene sankalumpha ngati anzake. Ankawonjezera pang'ono, n'kusowa theka la tsiku, n'kubweranso ndi pang'ono pena, ngati munthu amene akuyenda khomo ndi khomo.

Tsabola analembera wogulitsayo. Anachotsa matukwano onse amene anayamba nawo, n'kusiya zoona zokhazokha: kuti makinawo akusowa kachidutswa kakang'ono, kuti popanda iko makiyi satsegula, kuti iye ali nako ndipo atumiza ulere, angomuuza kotumiza. Yankho linafika asanaike n'komwe foni pansi.

Zikomo potilembera. Katundu wathu yense ndi woyesedwa. Musaiwale kutipatsa nyenyezi.

Mawuwo ankawadziwa pamtima. Anali a Apongozi. Iye mwini anawatumizirapo anthu osawerengeka, osawerenga n'komwe zimene alemba. Analembanso, yankho linabwera lomwelo. Anafufuza poti angalembere oponya mitengo, koma tsamba silionetsa wogula kwa wogula mnzake.

Anakhala pakhomo, kachitini kali m'chikhatho, kakumucheka pang'onopang'ono. M'nyumba alamu ankakoleza makala m'chitini chakale cha penti, utsi uli tolo. Foni inanjenjemera. Wapang'onopang'ono uja anali atawonjezeranso, ndipo tsopano ndiye anali patsogolo.