Mgwalangwa Supola Bala

Mlamu wake wa mayi wina wamasiye analowa pageti osaodira, ngati pakhomopo ndi pake. Paphewa chingwe ndi sowo, m'manja zitsulo ziwiri zosongoka, zija amamanga kumiyendo anthu okwera mitengo. Mayi wamasiyeyo mtima unangoti phwii. Chiikireni maliro a mkulu wake munthuyu sanapondepo pano, lero wakumbuka mgwalangwa! Zoti achibale akuilondalonda nyumbayo mayiyo anali atazimva kale.

"Masamba oumawa aboola malata," anatero mlamuyo. Moni analibe.

"Aboole. Koma zitsulo zanuzo ayi, alamu. Mgwalangwa si mango, ukaubaya supola. Madzi amalowa pabowopo, n'kuyamba kuwolera m'kati. Akulu anu ankakwera pamakwerero."

"Akulu anga, akulu anga! Makwerero anuwo ngafupi. Ndithyoke khosi chifukwa cha mtengo?"

"Ndiye bwererani komwe mwachokera."

Mayiyo anakatsamira thunthu la mgwalangwawo, manja atapinda. Mtengowo anadzala ndi mwamuna wake sabata yomwe analowa m'nyumbayo, ndipo sakanalola munthu kuuboola iye ali moyo.

Mlamuyo anatsonya, n'kuponya zitsulozo pasimenti kuti ngwee! "Chabwino. Koma ogwira makwerero ndinu."

Ntchito yodziitanira yekha, akanakana bwanji? Anagwira. Mlamuyo anakwera mwaukali, chingwe n'kuchisiya pansi. Anaima pamwamba penipeni, dzanja lina litakumbatira mtengo, lina likucheka. Makwerero ankagwedezeka, utuchi ukumugwera mayiyo m'maso.

Ali m'mwambamo ndi pomwe pakamwa panamasuka, wamantha wachabechabe. "Uoneke bwino mtengowu. Wogula nyumba abwera Loweruka. Kubanja tinagwirizana kale."

Mayiyo anamuda munthuyo, chidani chenicheni, ndipo anadziwa kuti kungofumbatula zala kunali kokwanira. Pansi panali simenti yokhayokha. Analuma mano, n'kuwapanikiza makwererowo ndi chifuwa mpaka tsamba lomaliza linagwa, mlamuyo n'kutsika.

"Mwagwira bwino," anatero mlamuyo akusasa malaya, kumaso kuli mwee.

"Ndinaganiza zosiya makwererowa, alamu. Ndakuuzani kuti mudziwe. Wogula wanuyo Loweruka adzandipeza pompano."

Mlamuyo anayang'ana m'mwamba momwe anali, kenako pasimentipo. Anawerama kutola zitsulo zake, koma zinamupulumuka kawiri konse.