Nyimbo ya Amayi Pachulu

Bambo anga, a Lameki, akanena chinthu sabwereza. Anati tsiku lovundukula chiliza cha amayi, mawu a amayiwo amveke, ndipo atulukire mu ampulifaya yawo yakale ija, imene anagula chaka chimene fodya anawakomera. Koma kaseti ya kwaya ya chigwirizano, momwe amayi ankatsogolera nyimbo, wailesi inaitafuna kalekale. Mwayi wake, wina wa kumpingo anali ataika nyimboyo pa intaneti.

Ntchito yokasaka kabokosi kokoka nyimbo pa intaneti n'kumazipereka ku ampulifaya inagwera ine, Perpetua, poti pakhomo pathu wotumidwa ndi ine.

Ku Kasungu paboma, wogulitsa anandionetsa chinthu chonyezimira, mtengo wake ngati ukugula ng'ombe.

"Ichi chili ndi sipika yakeyake, mayi. Ampulifaya ya madalayo mukangoitaya."

Ndinapsa mtima. Ndinatulutsa chingwe cha bambo cha mitu iwiri, wofiira ndi woyera, n'kumuuza kuti ndikufuna kotchipa kamene chingwechi chingalowe, basi. Anandipatsa kakang'ono ngati sopo, akuchita tsinya. Anakalumikiza ndi foni yanga, ndipo amayi anaimba m'sitolo muja bwinobwino mpaka ndinatembenukira kukhoma.

Chimene sitinaganize n'chakuti kwathu ku Chisemphere netiweki imapezeka pachulu cha m'mphepete mwa munda wa fodya. Tinazolowera kukwera pamenepo poimba foni moti sitiona ngati ndi vuto. Komanso kumanda sitipitako wamba, ndiye panalibe amene akanakayesako zinthuzi tsikulo lisanafike.

Abusa atapemphera, nsalu itachotsedwa pachiliza, anandigwedezera mutu. Ndinadina foni. Zii. Ndinadinanso, koma kabokosi kanangophethira kanyali kake. Azakhali anayamba kunong'onezana kumbuyo kwanga, ndipo ndinamva wina akuti zachizungu n'zimenezi. Bambo sanandiyang'ane n'komwe, ndipo zimenezo ndi zimene zinandiwawa kwambiri.

Achimwene anga, a Lucious, anandiyandikira.

"Tiyeni nazo kuchulu," anatero chapansipansi.

"Bambo, tingapite tonse kumeneko?" ndinafunsa.

"Ine pa mkazi wanga pano sindichoka," anayankha bambo, maso ali pachiliza.

Tinakweza ampulifaya, batire ndi masipika pawilibala n'kuyamba kudumphitsa mizere, zitsa za fodya zikutikala miyendo. Tinkafulumira, chifukwa abusa akanangotseka mwambo, anthu akanabalalika kukadya, ndipo tsiku la chiliza silibwera kawiri. Pachulu paja achimwene analozetsa masipika kumanda, ine nditakweza foni m'mwamba ngati ndikupempha mvula. Kachizindikiro kodikirira pafonipo kanazungulira, kanazungulirabe. Kenako amayi anayamba kuimba.

Ndinasiyira achimwene foni n'kuthamangira kumanda. Nyimbo inkafika ndithu, koma motsika, mphepo ikuidula pena ndi pena. Ndinachita manyazi. Bambo ndinawapeza atakhala pansi pafupi ndi chiliza, suti yawo ili mbuu ndi fumbi. Ndinagwada.

"Pepani bambo, ikumvekera kutali. Ndikauze achimwene akweze?"

"Ayi mwanangu, isiyeni choncho," anatero. "Amayi ako ankamveka chonchi akamachokera kumunda."

Anatembenuka n'kuyang'ana kanjira kochokera kumundako, ndipo anakayang'anabe mpaka nyimbo inatha.