Kampando ka M'bafa

Amayi anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno. Atatsala pang'ono kutuluka m'chipatala, adokotala anandikokera pambali n'kundiuza mosapsatira kuti akadzagwanso, zoyenda aiwale. Kusamba azisamba chokhala.

Bambo anga ndi kalipentala, ndiye atangomva zimenezi analowa m'shedi mwawo kukapanga kampando. Kanatuluka kosalala bwino, kopanda msomali ndi umodzi womwe, poti misomali imachita dzimbiri ndipo ingawakande amayi. Miyendo anailowetsa m'mabowo n'kuimata ndi guluu woyera, yemwe anayamba kumugwiritsa ntchito ine ndisanabadwe.

Nkhawa inabwera ndi mwamuna wanga, munthu woti sangaone chinthu osachipezera chilema. Anafika ndi botolo la guluu wofiirira, akuti wosaopa madzi.

"Apongozi, woyerayu ndi wa matebulo a pabalaza. Akamwa madzi amafewa."

"Inu amene shelefu yanu inagwa ndi mbale zomwe, lero mundiphunzitse kumata?" anatero bambo.

Koma mawuwo anawalowa. Mkamwini wawo atachoka, ndinawaona akumata tizidutswa ta thabwa, tiwiri ndi guluu woyera, tiwiri ndi wofiirira, n'kutilemba ndi choko kuti asatisokoneze. Titauma anatimiza mu ndowa ya madzi n'kuvindikira, ngati munthu wobisa mlandu.

Mawa lake masana amayi anafika kunyumba, ndipo asanamwe n'komwe tiyi anaitanitsa madzi.

"Andipukuta ndi kansalu mokwana kuchipatala kuja. Lero ndisamba, olo mundimange."

Ndinateleka madzi n'kuthamangira kushedi. Ndinapeza bambo atavuula kale tizidutswa tija. Tiwiri tinali titagwirana moti olo hamala sinatilekanitse. Tinato tinangomatukira m'manja ngati buledi woviika. Koma choko chonse madzi anali atatsuka.

Bambo anatembenuza kachidutswa komatukako, kukayandikitsa kumaso, kukatalikitsa, kupita nako pakhomo pamene pali dzuwa, mpaka kukanunkhiza. M'nyumba mwathu tonse tinkadziwa kuti maso awo ayamba kuchita mdima, koma palibe amene ankalimba mtima kutchula.

"Mwanawe, taona apa," anatero motsitsa mawu. "Wamatukayu ndi wamtundu wanji?"

Chibadwire changa anali asanandipemphepo kuti ndiwaonere ntchito yawo. Ndinawamvera chisoni moti ndinalakalaka kunama. Koma pathabwapo panali poyera mbee, ponanda.

"Ndi woyera, bambo."

Anatembenukira kampando kaja.

"Kusamba kamodzi kokha sikangamatuke," ndinatero, ineyo osakhulupirira zimene ndikunena.

"Wadziwa bwanji? Ukufuna tiyesere pa amako?"

Kukamatula n'kukamatanso ndi guluu wa mkamwini kunafuna kudikira mpaka mawa kuti kaume. Mpando wapulasitiki ndiye usanene, umavina wokha pasimenti yasopo.

"Kodi madzi aja mwakatunga kutsidya?" anakuwa amayi ali kuchipinda.

Bambo anavula nsapato ndi malaya, anapinda thalauza, n'kulowa m'bafa. Anagwada bondo limodzi pansi, linalo n'kuliimika, kenako anamenya pantchafu ndi chikhatho.

"Kawatenge. Udzawakhazike apa."

Ndinabwera nawo amayi pang'onopang'ono, atandikoleka dzanja m'khosi. Atafika pakhomo la bafa anaima n'kuwayang'ana amuna awo kuyambira kumutu mpaka kuphazi.

"Akalipentala, kampando munkandilonjeza kaja ndi kameneka?"

"Kenikeniko sikanathe. Khalani."

"Nanga aka kalimba?"

"Khalani, mayi, madzi akuzizira."

Ndinawatsitsa mosamala. Bambo anawazunguliza mkono kumsana n'kugwiritsa khoma ndi dzanja linalo. Madzi oyamba atatsika, amayi anausa moyo mpaka mapewa kugwa. Sopo anatsetsereka kuchokera kumsana kwawo, kudutsa pathalauza la bambo, n'kukasonkhana pansi pa phazi lomwe linanyamula anthu awiriwo. Ndinaona bondo lija likuyamba kunjenjemera, ndipo mtsempha wa m'khosi mwa bambo unatupa. Mantha anandigwira, ndinayamba kuthira madzi motsatizana kuti tithe msanga.

Amayi anandigwira dzanja, maso ali chitsinzinire.

"Usathamange, mwana wanga. Kumutu sunandisambitse."

Ndinayang'ana bambo. Anakukuta mano, n'kundikodola ndi mutu kuti nditenge sopo.