Desiki ya Kuseri kwa Chitseko

Mayi Mizere analowa m'holo maphunziro atayamba kale. Basi inawachedwetsa, ndipo m'chipwirikiti cha m'mawa magalasi awo anatsala pawindo la kubafa. Mipando yakutsogolo inali itadzaza. Anapeza malo kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mphunzitsi wa masamu wa sukulu yoyandikana ndi yawo, bambo wamtali amene anzake ankangomutchula kuti Mlongoti.

Dzina loti Mizere anawapatsa ndi ana. Kwa zaka makumi awiri, m'kalasi mwawo mwana ankakhala molingana ndi malikisi ake. Mwezi ukatha ankalembetsa mayeso, okhoza bwino n'kupita kutsogolo, olephera n'kubwerera kumbuyo. Njirayi ankainyadira, ndipo kunena zoona makolo ambiri ankachita kupempha kuti ana awo alowe kalasi imeneyo.

Ku maphunziro a aphunzitsiwa anabwera chifukwa choti ahedi analemba dzina lawo basi. Mtima wawo unali pa pepala limene linali m'chikwama. Lachisanu ankayenera kupereka mayina a ana obwereza kalasi yachinayi, ndipo pamwamba pa mndandandawo panali mwana wa atelala, kamtsikana kosayankhulayankhula kamene anzake ankakatchula kuti Kachete. Mlangizi anali atapempha dzulo lake kuti aliyense abweretse kope la mwana amene akumuimitsa mutu. Mayi Mizere sanavutike n'kusankha.

Mlangiziyo anali mayi wachitsikana wa mawu otsika. Analemba masamu asanu pabolodi n'kusasa choko m'manja.

"Tiyambe takhalako ana pang'ono," anatero. "Koperani, muyankhe. Mphindi zisanu."

Mayi Mizere anasuzumira kumanzere, n'kupeza phewa la Mlongoti. Anasuzumira kumanja, dzuwa la pawindo n'kuwalira pabolodi. Anatsinzinira, koma manambala ankangooneka ngati nyerere zoyenda. Akanatha kukweza mkono n'kupempha kusendera kutsogolo, koma munthu wa msinkhu wawo anene pamaso pa tiana tongotuluka kumene ku koleji kuti sakuona? Anangokopera zimene maso anawauza.

Atasinthana mapepala, Mlongoti anachonga la Mayi Mizere akumwetulira chamumtima.

"Ziwiri pa zisanu, madamu," ananong'ona. "Kukanakhala m'kalasi mwanu, bwenzi mutakhala mzere uti?"

"Bwenzi ndili panja," anayankha Mayi Mizere. "Koma inunso bambo, msana wonsewu ndi wanu nokha? Chotsani, munthu aoneko dziko."

Anaseka onse awiri mpaka mlangizi anawayang'ana.

Atamwa tiyi, mlangizi anawauza kuti akhale awiriawiri n'kusinthana makope a ana aja. Anati asayang'ane malikisi, koma aone zimene silabasi ikufuna kuti mwana athe kuchita, kenako afufuze m'kopemo ngati akuzitha kapena ayi.

"Silabasi ikuti mwana athe kuchulukitsa nambala," anatero. "Sikunena kuti mwana wa mzere uti. Ndiye musandiuze kuti ndi wofooka. Ndiuzeni pamene akupunthwa."

Mlongoti anatsegula kope la Kachete. Masamba ake anali ofiira ndi mitanda. Anatsegula tsamba lina, n'kubwereranso, kenako anatenga pensulo n'kuyamba kuwerengera m'mphepete. Kuseka kuja kunatha.

"Madamu, mumachonga bwanji?"

"Ndi ana makumi asanu ndi atatu, bambo. Ndimayang'ana yankho. Likasiyana ndi langa, mtanda."

"Taonani apa. Mwanayu walemba 43 kuchulukitsa ndi 3, wapeza 129. Wakhoza. Inu mwamulembera 144 ndi cholembera chofiira. Ndiye kuti pabolodi panali 48. Apanso wakopera 5 pamene panali 6. Tsamba lonseli palibe samu imene waiphonya. Akuyankha bwinobwino mafunso amene inu simunafunse."

Mayi Mizere analanda kopelo n'kuliyandikitsa kumaso. Anabwerera kumasamba oyambirira. Teremu yoyamba mwanayo ankakhala mzere wachiwiri, ndipo zochonga zinali mbwee. Kenako anadwala sabata ziwiri, mayeso a mwezi umenewo sanamuyendere, n'kupita mzere wachinayi. Kuchokera pamenepo mwezi uliwonse ankatsika, ndipo mwezi uliwonse iwo ankamusunthira kumbuyo. Tsopano anali pa desiki yomaliza, kuseri kwa chitseko.

Manyazi anawagwira, enieni a munthu wamkulu. Anakumbukira tsiku limene atelala anabwera kusukulu, tepi yoyezera ili m'khosi, n'kunena kuti kunyumba mwanayo ndi amene amawawerengera miyezo ya nsalu. Iwo anawayankha kuti kholo lililonse limatero.

"Nanga osanena bwanji kuti sakuona?" anafunsa Mayi Mizere.

Mlongoti anakankhira patsogolo pawo pepala lija la ziwiri pa zisanu.

"Inu munanena?"

Mlangizi atafika pa tebulo lawo, Mayi Mizere anamufotokozera okha zonse, osabisa kanthu. Ankayembekezera kuti awasandutsa chitsanzo pamaso pa gulu. Koma mtsikanayo anangokhala pambali pawo n'kufunsa kuti m'kalasimo mawindo ali mbali iti, ndiponso ngati pali ana ena amene amatsinzinira kapena kupendeketsa mutu pomvetsera. Mayi Mizere anawerenga pa zala n'kufika atatu.

"Mwana iwe, uli ndi nzeru," anatero pomaliza. "Ndimayesa wabwera kudzatiwerengera mapepala."

"Mapepalawo aliponso, mayi. Akubwera masana."

Lachinayi anabwerera kusukulu magalasi ali pamphuno. Ana atakhala pansi, anapita okha kukaima kuseri kwa chitseko, n'kuvula magalasiwo, n'kuyang'ana bolodi lawo lomwe. Linali lotuwa ngati phulusa, ndipo manambala awo, amene ankawanyadira kuti ndi aukhondo, anali ang'onoang'ono kwabasi.

"Lero mizere yasintha," analengeza. "Amene bolodi limamuvuta kuona, kapena amene mawu anga samufika bwino, abwere kuno. Si mlandu. Inenso dzana ndinapeza ziwiri pa zisanu chifukwa chokhala kumbuyo."

Kalasi yonse inaphulika ndi kuseka. Ana anayi anadzuka. Kachete sanasunthe, mpaka iwo anapita kukamunyamulira chikwama n'kumukhazika kutsogolo, pakati penipeni. Mnyamata amene ankakhala pamenepo chaka chonse anakwinya nkhope.

"Iwe maso ako ndi a mphamba," anamuuza. "Ungawerenge bolodili uli kunyumba kwanu. Malikisi ako sakhala m'desiki, sendera uko."

Analemba masamu khumi ndi manambala akuluakulu. Pochonga, anayamba ndi kope la Kachete, ndipo ulendo uno anawerenga kuyambira pa funso mpaka pa yankho. Zisanu ndi zinayi pa khumi. Imodziyo anaiphonyadi yekha, ndipo Mayi Mizere anakondwera nayo ngati zinazo, chifukwa tsopano anali ndi chomuphunzitsa.

Pa nthawi yopuma anatulutsa pepala lija m'chikwama n'kudula dzina loyamba ndi mzere umodzi. Mayina enawo anaganiza zowasiya kaye mpaka ataona makope awo bwinobwino, ahedi adikire. Kenako analemba kakalata kopita kwa atelala, kuti apite ndi mwanayo kuchipatala akamuyeze maso. Pansi pake anawonjezera kuti tsiku lija amene ankanena zoona ndi atelalawo.

Kachete analandira kalatayo ndi manja awiri, koma sanachoke. Anaima pafupi ndi tebulo akukanda desiki yake yatsopano ndi chala.

"Madamu," anatero chapansipansi, "mwezi wamawa ndikalakwa, ndibwereranso kuchitseko?"

Mayi Mizere anavula magalasi n'kuwapukuta nthawi yaitali kuposa mmene ankafunikira.

"Ukalakwa ndidzakuphunzitsa," anayankha. "Pamenepo ndi pako."