Timasokosi ta Apongozi

Telala anatuluka m'bafa akupukuta pakamwa, n'kupeza apongozi ake ataima pakhomo, akumwetulira mpaka usinini kuonekera.

"Mwasanzanso, mwana wanga?"

"Pang'ono chabe, amayi."

"Ine sindine mwana. Dzana munakana shuga mu tiyi, dzulo keke. Musandiuze kanthu, ndimadziwa kusunga pakamwa."

Anapasungadi pakamwapo, mpaka masana. Pofika madzulo mayi woyandikana nawo nyumba anali atamulanda telala ndowa kuti asanyamule zolemera, ndipo kasitomala wina anayamba wamuyang'ana pamimba asanapereke moni.

Zoona zake zinali mu dilowa ya makina osokera, pansi pa mabatani. Zaka zinali zitapita ali pabanja wopanda mwana, ndipo kumwezi ankapita mwa apo ndi apo. Dokotala atamuunika anati mazira ake sakhwima, amangotsalira m'thumba mwake ngati timatuza, chifukwa thupi lake silimvera insulini. Anamupatsa mapiritsi amene amamwa odwala shuga, n'kumuuza kuti asiye zotsekemera, aziyenda ndawala m'mawa, thupi litsikeko. Mankhwala okhwimitsa mazira adzabwera pambuyo pake. Nseru ija inali ya mapiritsiwo, m'mimba munalibe munthu.

Anaimbira mwamuna wake, dalaivala wa lole, amene anali pa ulendo.

"Asiye asangalale kaye," anatero mwamunayo. "Ndine mwana wawo mmodzi yekha, adikira kokwanira. Ndikabwera tiwauza."

"Mukamabwera mupeza atamupatsa kale dzina."

Sabata imeneyo telala sanakhazikike. Ankasoka mzere, n'kuusula, n'kuusokanso. Diresi lina analiika mkono chozondoka. Akavala nsapato kuti akayende, apongozi ankatsekereza pakhomo, ati woyembekezera sayendayenda ngati wogulitsa malonda. Akakana chakumwa chotsekemera, ankamuuza kuti si chake, n'cha mdzukulu. Ankamwa ndithu, mtima ukumuwawa, akudziwa kuti kapu iliyonse ikumubweza m'mbuyo. Koma kuwauza zoona ankaopa. Chikwatibwire, mayiwa anali asanamukondepo chonchi.

Loweruka apongozi anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi makina, akuluka timasokosi ta ulusi wachikasu. Anaika kapu ya juwisi pamwamba pa nsalu.

"Imwani. Nkhope yayamba kugwa, anthu aziti sitikukusamalani."

Telala anachotsa phazi pa chopondera. Anatsegula dilowa, mabatani n'kumwazikira pansi, ndipo anaika mapiritsi aja pambali pa kapu.

"Amayi, ndilibe pakati. Akundisanzitsa ndi awa."

Zolukira zija zinaima. Telala anafotokoza zonse mothamanga, za mazira, za shuga, za kuyenda m'mawa, maso ali pa mabatani. Ankadikira kukalipiridwa, kapena kuuzidwa kuti alongedze.

Apongozi sanakalipe. Anamuyang'anitsitsa pachibwano, pamene telala ankazula tindevu Lamlungu lililonse mobisa. Kenako anagwira chibwano chawo chomwe.

"Tindevu timeneti, dokotalayo anatinenapo?"

"Anati n'chizindikiro cha matenda omwewo."

"Ndi kudumphadumpha kumwezi?"

"N'zomwezo, amayi."

Mayiwo anatola kapaketi ka mapiritsi, n'kukatembenuza uku ndi uku.

"Ndiye kuti ndi matenda. Ali ndi mankhwala omwe." Mawu awo anatsika. "Ine anangonditcha chumba. Mwamuna wanuyo ndisanamubereke, bambo ake anali atakafunsira kale mkazi wina, ine ndikuwasitira malaya opita nawo kumeneko. Panalibe amene anandiuza kuti ndikudwala. Ndinkangoti ndinalakwa penapake."

Telala anawerama n'kuyamba kutola mabatani aja.

Apongozi ananyamula kapu ija, n'kukaikhuthulira mu sinki. Atabwerako anakulunga timasokosi tija, kamodzi kotha, kena kosatha, n'kutiika mu dilowa limodzi ndi mapiritsi.

"Ulusi suwola, tikhale m'menemo," anatero. "Mawa mundidzutse, tikayendere limodzi. Anthu aja ndinawauza ndine, ndiye wokufunsani panjira ndimuyankha ndekha."